Mayi Wosiya Msambo Asamwe Mankhwala Mobisa

Mtsikana akatha msinkhu, anamkungwi amamukhazika pansi namulangiza. Akatenga pathupi, anamwino amamuyeza kusikelo kufikira tsiku lochira, ndipo akachira, sikelo ina imamuyembekeza pamodzi ndi khanda lake. Koma mayi yemweyo akayandikira zaka 50, msambo nuyamba kudumphitsa miyezi, thupi nkumatentha ngati mbaula pakati pa usiku, palibe chinamwali kapena sikelo imene imamuitana. Amadzionera yekha. Mwamuna wake samuuza chifukwa cha manyazi, ana ake sawauza chifukwa mwambo sulola, ndipo akalimba mtima nakafotokoza kuchipatala, nthawi zina amangobwerako ndi mibulu ya panado ndi mawu akuti umenewo ndi ukalamba chabe.

Amene amamumvetsera mofatsa ndi wogulitsa mankhwala. Ameneyu amapezeka pamsika, m'basi, pawailesi, ngakhalenso pa WhatsApp, ndipo botolo lake limodzi limalonjeza kutsuka m'thupi, kuziziritsa magazi, kubwezera msambo, kutsitsa shuga ndi kuthetsa kuthamanga kwa magazi pa nthawi imodzi. Mayi amene wakhala miyezi itatu osagona tulo tabwino amamasula mfundo ya pachitenje nagula.

Mayi wotere sayenera kudzudzulidwa. Kufunafuna mpumulo si kulakwa, ndiponso si njira zonse za kunja kwa chipatala zimene zili zoipa. Choopsa nchakuti pa msinkhu umenewu amayi ambiri amakhala ali kale pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, ena a kuthamanga kwa magazi, ena a shuga, ena ma ARV, ndipo botolo logula mobisa likhoza kufooketsa mankhwala amenewa, kapena kuphimba nthenda imene ikadachizika ikadaoneka msanga. Nchifukwa chake lamulo loyamba liyenera kukhala ili: chilichonse chimene mayi wosiya msambo akumwa, a chipatala achidziwe, ndipo a chipatala nawonso achimve mopanda kunyoza.

KUSIYA MSAMBO SI MATENDA

Msambo umayendetsedwa ndi timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, makamaka esitirojeni, amene amapangidwa m'timatumba ta mazira a mayi. Mazira akamatha, esitirojeni imachepa, msambo numabwera mosadalirika mpaka kulekeratu. A zaumoyo amati mayi wasiya msambo pamene patha miyezi 12 yotsatana osasamba popanda chifukwa china, monga pathupi kapena jakisoni wolera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati amayi ambiri amafika pamenepa ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Bungwe lomweli linawerenga kuti m'chaka cha 2021, mwa akazi 100 alionse a pa dziko lapansi, 26 anali a zaka 50 kapena kuposerapo, pamene zaka 10 m'mbuyomo anali 22. M'dziko lino namonso anthu akukhala ndi moyo wautali kusiyana ndi mmene zinalili cha m'ma 2000, pamene Edzi inali kutha anthu ma ARV asanafalikire. Motero amayi a msinkhu umenewu akuchuluka, ndipo ambiri ali ndi zaka 20 kapena 30 patsogolo pao zimene ayenera kuzikhala ndi thanzi.

Amayi ena amadutsa nyengo imeneyi osamva kanthu. Ena amamva kutentha kodzidzimutsa kumaso, m'khosi ndi pachifuwa kwa mphindi zingapo, amatuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, amasowa tulo, amapsa mtima msanga, amaiwalaiwala, amamva kuphwanya m'mfundo, ndipo njira ya chiberekero imauma kotero kuti kukhala malo amodzi ndi mwamuna kumapweteka. Zimenezi sizitha mwezi umodzi. Kafukufuku wa ku America wotchedwa SWAN, amene zotsatira zake pa nkhaniyi zinatuluka mu 2015, anapeza kuti mwa amayi amene ankamva kutentha kawirikawiri, theka anavutika zaka zoposa 7, ndipo mwa amayi akuda, theka anavutika zaka zokwana 10 kapena kupitirira. Amene amauza mayi kuti angopirira pang'ono adziwe kuti pang'onopo pakhoza kukhala zaka zambiri.

SI THUKUTA LILILONSE NDI LA KUSIYA MSAMBO

Chifukwa choyamba chimene mayi ayenera kuyambira kuchipatala asanagule botolo nchakuti matenda ena oopsa amavala nkhope yofanana ndi kusiya msambo. Thukuta la usiku likabwera pamodzi ndi chifuwa chosatha, kuonda ndi kutentha thupi, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu, ndipo makhololo ayenera kuyezedwa. Kutentha thupi kwa tsiku lonse, kunjenjemera ndi litsipa akhoza kukhala malungo, amene amadziwika ndi kadontho ka magazi a pachala. Kugunda kwa mtima, thukuta ndi kuonda munthu akudya bwino nthawi zina kumachokera ku chithokomiro. Ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kufooka ndi zizindikiro za shuga.

Chizindikiro chachikulu koposa ndi magazi. Mayi amene anasiya kusamba chaka chathunthu kapena kuposerapo, kenaka naonanso magazi, ngakhale kadontho kamodzi, asakondwere kuti utsikana wabwerera kapena kuti mankhwala a zitsamba agwira ntchito. Magazi otere, kapena otuluka pambuyo pokhala malo amodzi ndi mwamuna, kapena chikazi chonunkha, zikhoza kukhala chiyambi cha khansa ya khomo la chiberekero kapena ya chiberekero chenichenicho. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka koposa pa dziko lapansi, ndipo imapha amayi ambiri chifukwa amafika kuchipatala mochedwa. Katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 adzateteza zidzukulu, koma agogo ao angadziteteze pokayezetsa basi.

M'madera ena mumamveka chikhulupiriro chakuti mayi wosiya msambo akamagonabe ndi mwamuna, mbewu ya mwamunayo imaunjikana m'mimba, popeza kulibenso msambo woitsuka, ndipo mimba imatupa. Zimenezi sizoona. Koma kutupa kwa mimba pa msinkhu umenewu nkoonadi, ndipo kukhoza kuchokera ku chotupa cha m'thumba la mazira kapena ku matenda a chiwindi. Mayi amene akhulupirira kuti wadzilakwira yekha amabisa mimbayo ndi chitenje namamwa mankhwala otsuka, nthenda ikukula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

CHIFUKWA CHIMENE AMBIRI AMAFUNIRA NJIRA ZINA

Mankhwala amphamvu koposa onse pochepetsa kutentha ndi thukuta ndi obwezera mahomoni amene achepa. Mayi amene chiberekero chake chilipo amapatsidwa esitirojeni pamodzi ndi homoni ina yoteteza chiberekero, pakuti esitirojeni payokha imaonjezera ngozi ya khansa ya m'chiberekero. Mankhwala amenewa anatchuka kwambiri ku Ulaya ndi ku America kufikira mu Julaye 2002, pamene mbali imodzi ya kafukufuku wamkulu wotchedwa Women's Health Initiative, wa amayi oposa 16,000, inaimitsidwa nthawi isanakwane. Ofufuza anapeza kuti mwa amayi 10,000 omwa mahomoni awiriwa kwa chaka, panaonjezereka amayi 8 odwala khansa ya m'mawere ndi 8 ogwidwa ndi sitiroko poyerekeza ndi osamwa. Mbiriyi inafalikira dziko lonse, amayi miyandamiyanda nataya mankhwalawo ndi kutembenukira ku zitsamba.

Patapita zaka, akatswiri anaunikanso nkhaniyi naona kuti amayi a m'kafukufukuyo anali achikulire, a zaka pafupifupi 63 powerengera pakati. Lero mabungwe akuluakulu a madokotala amagwirizana kuti kwa mayi wa zaka zochepera 60, kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni msambo, ndipo alibe matenda oletsa, ubwino wa mahomoni kawirikawiri umaposa ngozi yake. Mayi amene wasiya msambo asanakwane zaka 40, kapena amene anachotsedwa timatumba ta mazira ali wamng'ono, ndiye amawasowa kwambiri kuti mafupa ndi mtima zitetezeke. Komabe amene anadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, kuundana kwa magazi m'mitsempha kapena matenda a chiwindi, ndi amene akutaya magazi osadziwika chifukwa chake, sayenera kuwamwa. Kuwonjezera apo, mankhwalawa sapezeka wamba m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Chotero funso la njira zina ndi funso lenileni, ndipo liyenera kuyankhidwa moona.

ZITSAMBA ZIYESEDWE PA MUYESO UMODZI NDI MANKHWALA ENA

Palibe wa zaumoyo wozindikira amene anganyoze mitengo. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Mankhwala a malungo a LA, amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, gwero lake ndi chitsamba cha ku China chimene mphamvu yake inatulukiridwa ndi Tu Youyou ndi anzake, ndipo mayiyu analandira mphotho ya Nobel mu 2015. Ngakhale metformin, amene odwala shuga amamwa, mbiri yake inayambira pa chitsamba cha ku Ulaya. Msonkhano wa ku Alma-Ata wa mu 1978 unavomereza kuti asing'anga ali ndi malo pa ntchito ya umoyo wa m'midzi. Koma mankhwala onsewa analandiridwa atayesedwa, mlingo wake utadziwika, ndi kuipa kwake kutalembedwa. Muyeso womwewo ndiwo uyenera botolo la pamsika.

Umboni wakuti "mnzanga anamwa ndipo anachira" ngosakwanira, ndipo chifukwa chake nchodziwika. Kutentha kwa thupi kumabwera ndi kupita pakokha, ndiponso chiyembekezo chokha chimachepetsa ululu. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, linapeza mu 2004 kuti amayi amene anapatsidwa mibulu yopanda mankhwala m'kati, iwo osadziwa, ananena kuti kutentha kwao kwachepa kupitirira theka. Ngati ufa wamba ungachite zotere, botolo lililonse lidzapeza mboni zake. Anthu akuluakulu akukumbukira chaka cha 1995, pamene makamu a anthu anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Chisupe pofuna kuchira Edzi. Mboni zinalipo zambiri, koma kachirombo sikanachoke m'magazi a munthu.

Mwa zitsamba zakunja zimene zimagulitsidwa m'mabotolo okongola, chotchuka kwambiri ndi black cohosh cha ku North America. Mu 2012 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku wa chitsambachi nilipeza kuti palibe umboni wokwanira wakuti chimathetsa kutentha, ndipo kale mu 2006 boma la Britain linali litalamula kuti pamabotolo ake pazilembedwa chenjezo lakuti chikhoza kuononga chiwindi. Soya ali ndi tizinthu tofanana pang'ono ndi esitirojeni, koma zotsatira za kafukufuku wake nzosagwirizana: amayi ena amathandizika pang'ono, ena ayi. Mu 2023 bungwe la akatswiri a nkhaniyi la North American Menopause Society linaunika njira zopanda mahomoni ndipo silinavomereze zitsamba kapena mibulu ya soya ngati mankhwala a kutentha. Soya ndi chakudya chabwino m'phala ndi m'ndiwo, ndipo mayi adye ndithu, koma asagulitse mbuzi kuti agule mibulu yake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: m'maiko angapo oyang'anira mankhwala apezapo kuti ena mwa mabotolo olembedwa kuti ndi zitsamba zokhazokha anathiridwa mobisa mankhwala amphamvu opha ululu, amene amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, nafooketsanso mafupa.

MANKHWALA AKAKUMANA M'THUPI LIMODZI

Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi shuga. Matenda awiriwa amachuluka ndi msinkhu, ndipo esitirojeni ikachepa, ngozi ya matenda a mtima mwa amayi imakwera. Kuthamanga kwa magazi sikumva kuwawa. Mayi amene wasiya mibulu yake chifukwa wogulitsa wamuuza kuti botolo lake silifuna kusakaniza akhoza kumva bwino miyezi ingapo, kenaka nkugwa pakhomo mbali imodzi itafa. Palibe chitsamba chimene chatsimikizika kuti chimachiza matendawa kotheratu, ndipo wogulitsa aliyense wouza munthu kuti aleke mankhwala a kuchipatala akuseweretsa moyo wa mwini wake.

Amayi amene ali pa ma ARV ayenera kusamala kowirikiza. Chiyambire 2019 anthu ambiri m'dziko lino amamwa mbulu umene muli dolutegravir. Mankhwala amenewa amamatirana ndi kashiamu, ayironi ndi mankhwala oziziritsa chilungulira zikakumana m'mimba, kotero kuti ochepa okha ndiwo amalowa m'magazi. Mayi amene wagula mibulu ya kashiamu kuti alimbitse mafupa namamwera pamodzi ndi ma ARV pamimba yopanda kanthu akhoza kupatsa kachirombo mpata wodzukanso. Malangizo ake ngakuti dolutegravir amwedwe maola 2 zinthuzi zisanamwedwe, kapena patapita maola 6 zitamwedwa. Dolutegravir amaonjezeranso mphamvu ya metformin m'magazi, motero wa shuga amene ali pa ma ARV aonetsetse kuti mbali zonse ziwiri za chipatala zikudziwa. Chitsamba china chakunja, St John's wort, chimene chimagulitsidwa kwa osowa tulo ndi okhumudwa, chimafulumiza chiwindi kutaya mankhwala ena. Kafukufuku wa mu 2000 ku America anaonetsa kuti chinachepetsa ndi kupitirira theka mlingo wa ARV wina wotchedwa indinavir m'magazi, ndipo chimafooketsanso mapiritsi olera ndi warfarin. Wa ma ARV asachikhudze.

Palinso ngozi imene ili pafupi ndi khomo lililonse. Mayi womva kuphwanya m'mfundo amagula bulufeni kapena indosidi pa okala namamwa tsiku ndi tsiku. Mankhwala amenewa akamwedwa nthawi yaitali amakweza kuthamanga kwa magazi, amaononga impso ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Mankhwala otsekula m'mimba otchedwa otsuka m'thupi amatha madzi ndi mchere wofunika m'magazi, makamaka mwa amene akumwa kale mibulu yokodzetsa. Ngakhale chipatso cha manyumwa chimaonjezera mphamvu ya nifedipine mopitirira muyeso. Zonsezi namwino sangazidziwe ngati mayi sananene.

NJIRA ZINA ZIMENE ZILI NDI UMBONI

Njira zopanda mahomoni zimene zatsimikizika zilipo. Yoyamba ndi uphungu wa maganizo, umene umaphunzitsa mayi kumvetsa chimene chikuchitika m'thupi mwake, kuchepetsa mantha kutentha kukayamba, ndi kukonza magonedwe ake. Uphungu suchotsa kutenthako, koma umachepetsa kusautsa kwake, ndipo mu 2024 bungwe la NICE la ku Britain linauika pa mndandanda wa njira zoyenera kuuza amayi. Uphungu sufuna nyumba yosanja. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu kwa ovutika maganizo atakhala pa benchi panja pa chipatala, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anatsimikiza kuti njirayi imathandiza. Ngati agogo angathe zimenezi, alangizi a zaumoyo, amayi a mvano ndi anamkungwi akhoza kuphunzitsidwa kulangiza anzao a msinkhu wosiya msambo.

Yachiwiri ndi mankhwala a kuchipatala amene si mahomoni. Ena mwa iwo, monga paroxetine ndi venlafaxine, anapangidwira matenda a kukhumudwa, koma pa mlingo wochepa amachepetsanso kutentha. Gabapentin amathandiza makamaka thukuta la usiku. Mu 2023 ku America anavomereza mankhwala atsopano otchedwa fezolinetant, koma ngokwera mtengo, ndipo mu 2024 anaikidwa chenjezo lalikulu la chiwindi. Onsewa ngolembedwa ndi dokotala, pakuti nawonso ali ndi adani ao: paroxetine, mwachitsanzo, amafooketsa tamoxifen, amene odwala khansa ya m'mawere amamwa. Pa kuuma kwa njira ya chiberekero, mafuta oterera opangidwira ntchitoyi amathandiza, ndipo zikapitirira, dokotala akhoza kulemba esitirojeni wopaka pamalopo, amene wochepa kwambiri ndiye amalowa m'magazi. Masamba, miyala ndi ufa zoika kumaliseche zimaumitsa mopitirira ndi kuchititsa timing'alu timene kachirombo ka HIV kamalowerapo mosavuta. Kusiya msambo sikutseka khomo la matenda opatsirana pogonana, ndipo kondomu ikadali ndi ntchito. Kulera nakonso kusalekedwe msanga: mayi wa zaka zoposa 50 apitirize chaka chimodzi chisambireni komaliza, ndipo wochepera 50 apitirize zaka 2.

Yachitatu ndi ya pakhomo, ndipo silira ndalama. Zovala ndi zofunda za thonje zimapepuka kusiyana ndi za nayiloni. Chikho cha madzi ozizira chikhale pafupi ndi mphasa, zenera likhale lotsekula, koma masikito asachotsedwe ngakhale kutenthe bwanji, pakuti udzudzu susankha msinkhu. Mayi aone ngati tiyi wotentha, khofi, tsabola kapena mowa zimamuyambitsira kutentha, ndipo ngati nditero achepetse. Fodya, wosuta ngakhale wofwenkha, alekedwe. Amayi osuta amasiya msambo msanga ndipo mafupa ao amafooka kwambiri. Wonenepa mopitirira akatsikako thupi, kutentha kumachepa, shuga ndi magazi nazo zimatsika. Mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wa m'ndiwo zonse, ndipo soda wa m'therere ndi timiyala tokometsera ndiwo nazo zili m'gulu la mchere.

Esitirojeni ikachepa mafupa amayamba kupepuka, ndipo amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir amasowa chisamaliro chapadera pa mbali imeneyi. Kashiamu wotsika mtengo ali pamsika wa ndiwo: usipa ndi matemba zodyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani, mpiru, cham'mwamba, chitowe, mawere, nyemba, soya ndi mkaka. Kashiamu wa m'zakudya ngwabwino kuyambira kusiyana ndi mibulu yogula popanda malangizo. Dzuwa la m'mawa limathandiza thupi kumugwiritsa ntchito. WHO imalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za ntchito yolimbitsa thupi. Mayi wa kumudzi amene amalima, kusinja ndi kutunga madzi amakwanitsa kale muyesowu, ndipo chimene iye amasowa ndi chakudya cha magulu onse 6 ndi nthawi yopuma. Mnzake wa m'tauni amene amakhala pa mpando tsiku lonse ndiye ayenera kuyenda ndawala. Mayi aliyense wa msinkhu umenewu amene wathyoka fupa pongoterereka pakhomo akauze a chipatala kuti aone ngati mafupa ake afooka.

UDINDO ULI PA ONSE

Ena anganene kuti zipatala nzodzaza kale ndi ana a malungo ndi amayi apakati, ndipo namwino mmodzi alibe nthawi yomvera za thukuta la usiku. Kuchepa kwa ogwira ntchito nkoona. Koma mphindi zitatu zofunsa mayi wa zaka 48 za msambo wake, za tulo take ndi za zimene akumwa kunyumba nzotsika mtengo kusiyana ndi miyezi yomusamalira atafa ziwalo, kapena kumusinthira ma ARV chifukwa oyamba aleka kugwira ntchito. Mayi ameneyu ndiye mzati wa mabanja ambiri: amalera zidzukulu ndi ana amasiye, amadwazika odwala, amasunga nkhokwe. Iye akagwa, amagwa ndi khomo lonse. A chipatala afunse modekha, ndipo mayi akatulutsa botolo lake asamukalipire, pakuti wokalipiridwa lero adzabisa mawa. Zimene akumwa zilembedwe m'kabuku kake ka kuchipatala, magazi ake ayezedwe ulendo uliwonse, ndipo akapezeka pa 140/90 kapena kupitirira maulendo angapo, alandire chithandizo.

Asing'anga oona mtima ali ndi gawo lao. Azifunsa wodwala ngati ali pa mankhwala a kuchipatala, asamuletse kumwa, ndipo mayi wotaya magazi atasiya msambo, wa chotupa m'bere kapena wotupa mimba azimutumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, liyenera kulimbitsa dzanja pa otsatsa malonda a mankhwala ochiza zonse, ndipo nyumba zoulutsira mawu zileke kugulitsa nthawi kwa anthu olonjeza zosatheka.

Abambo nawo aphunzire. Mkazi amene akukankha bulangete usiku, kupsa mtima masana ndi kukana za m'banja chifukwa cha ululu sanapeze mwamuna wina ndipo sanalodzedwe. Amasowa kuleza mtima ndi womuperekeza kuchipatala. Mudzi nawonso usamale pakamwa: mayi wachikulire wokhala pakhonde pakati pa usiku chifukwa m'nyumba mwamutenthera si mfiti, ndipo lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Kwa mayi mwini wake, malangizo ndi afupi. Asasiye mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a shuga kapena ma ARV chifukwa cha mawu a wogulitsa. Ulendo wotsatira wa kuchipatala anyamule mabotolo, timapepala ta ufa ndi mibulu yonse imene ali nayo, aziike patebulo pamaso pa namwino, nafunse ngati zimagwirizana. Akaona magazi atasiya msambo, asadikire kuti mwezi uthe. Safunsa anadya phula.